A Maphini ndi Kachidutswa Kosowa m'Pampu ya Boti

Taganizirani m'mawa wamba, Lachitatu, nkhungu isanachoke pamtsinje. Padoko pali shedi ya malata. M'katimo muli tebulo lakuda ndi oyilo, masipanala opachikidwa pamisomali motsatana kukula kwake, ndipo pakona pali makina osokera ovundikiridwa ndi nsalu. Panja boti lakwezedwa pangolo yake, kumbuyo kwake kuli kophwasula. Mukatchera khutu mumva mkokomo. Si mphepo ayi. Ndi madzi ogwa pakhoma la damu, kumunsi pang'ono kwa dokolo. Aliyense wowoloka pamenepa amadziwa kuti injini ikazima pakati pa mtsinje, madzi sakufunsa dzina, amangokutengera kumkokomoko.

Mayi amene agwada kumbuyo kwa botilo, manja ali bii, ndi omwe anthu amawatcha a Maphini.

Dzinali analipata pamakina osokera. Ali mtsikana, atangoyamba utelala, anasokera mwana wa mnzawo diresi naiwala phini limodzi mumpendero. Mwanayo analira tsiku lonse, anthu osadziwa chomwe chinkamuluma. Kuyambira pamenepo, akatenga maphini makumi awiri m'kabokosi, chovala sichituluka pakhomo mpaka onse makumi awiriwo atabwerera. Makasitomala ankadandaula, ena ankaseka, koma iwo ankangowerenga.

Madzi ankawaopa chibadwire, ndipo kusambira sadziwa mpaka lero. Komatu anakwatiwa ndi mwini boti, bambo wotchedwa a Kaputeni, amene kwa zaka makumi awiri ankawolotsa ana a tsidya lina kubwera kusukulu. A Maphini anaika makina awo m'shedimo chofulatira mtsinje. Mwamuna wawo akamakonza injini, iwo ankasiya nsalu n'kumawapatsira masipanala, maso ali pantchitoyo monga munthu woona mnzake akudula patani.

Kenaka a Kaputeni anadwala sitiroko. Dzanja lamanja linafa, lilime linalemera. Chomwe chinawatsalira polankhula ndi ndodo yawo: akagogoda kamodzi ndiye kuti inde, kawiri ndiye kuti ayi. Mng'ono wa a Kaputeni, woyendetsa thirakitala, anakaniratu kutenga botilo.

"Ine ndine wa pamtunda, alamu. Thirakitala ikazima ndimatsika n'kuyenda wapansi. Nanga pamadzi mpotsikira pati?"

Mlatho uli kutali, ulendo wa maola anayi. Ana a tsidya lija anakhala pakhomo sabata ziwiri. Sabata yachitatu a Maphini anavala jekete yoyandamitsa, nakhazika mwamuna wawo pambali pawo, nagwira chiwongolero. Ndodo inawaphunzitsa zotsalazo.

Tsopano panali patatha miyezi isanu ndi itatu. Dzulo lake, Lachiwiri masana, akubwerera okha atasiya ana, singano ya geji yoonetsa kutentha inathamangira pofiira, ndipo fungo la labala wopserera linadzaza m'boti. Anazimitsa injini atatsala pang'ono kufika padoko. Boti linayamba kutembenuka lokha, mphuno kuloza kudamu. Mwayi wake mlamu wawo anali pomwepo, ndipo chingwe chomwe anaponya chinafika pa ulendo wachiwiri. Atatsika, a Maphini anakhala pansi padothi.

Makaniko wa m'tauni anati pafoni angabwere Lachisanu. Koma Lachitatu eyiti koloko ana khumi ndi anayi a tsidya lija ankayamba mayeso awo omaliza.

Injini ya botili ili m'kati, koma ili ndi mwendo womwe umatulukira kumbuyo n'kulowa m'madzi. M'mwendomo muli pampu, ndipo m'pampumo muli kagudumu ka labala kokwana m'chikhatho, ka mapiko asanu ndi limodzi. Kakamazungulira kamakoka madzi a mumtsinje n'kuwatumiza kukaziziritsa injini. Kakatha, injini imapsa. A Maphini anali ataonapo mwamuna wawo akukasintha kangapo, koma kuona si kugwira.

Masana omwewo mlamu uja anakoka boti ndi thirakitala. A Maphini anakhetsera oyilo m'beseni, naika giya ya kutsogolo, namasula manati. Atafuna kukoka mwendowo, ndodo inagogoda kawiri: panali bawuti lina lobisika kunsi. Atatsegula pampu anapeza kagudumu kali zidutswazidutswa. Dzuwa linali litapendeka kale, choncho anangosesera zidutswazo m'kansanza, nakaponya m'thumba la epuloni.

Ndi chifukwa chake m'mawa uno tawapeza atagwada. Kagudumu katsopano anakapeza m'chitini cha mwamuna wawo, kokulunga m'pepala. Anamata kakiyi kake, kochepa ngati chikhadabo, ndi girizi kuti kasagwe. Anapaka sopo pamapikowo kuti aterere, ndipo pokankhira chivindikiro pansi ankapotoza chitsulo chapakati monga muyendera muvi wa wotchi, kuti mapiko onse agonere mbali imodzi. Ndodo inagogoda kamodzi.

"Telala wa masiku ano!" anatero mlamu wawo atanyamula mwendo wa injini uja. "Mawa mudzatisokera ndi matayala a thirakitala omwe."

"Gwirani bwino apo, alamu. Pakamwa sipanyamula chitsulo."

"Chikulemeratu ichi."

"Kwezani pang'ono, kapayipi sikanalowe m'malo mwake. Pang'ono, ndati! Mukuyesa mukukweza matumba?"

Cha m'ma seveni koloko zonse zinali zitabwerera m'malo mwake, oyilo atathiridwa, boti lili m'madzi. A Maphini anapotoza kiyi. Injini inalira. Anadikira mphindi zisanu, kenaka khumi. Singano inakwera pang'onopang'ono n'kuima pakachizindikiro ka penti komwe a Kaputeni analemba kalekale pagalasi la geji.

Nkhungu inali itayera. Tsidya lija ana ankaoneka ataima pamzere, atavala mayunifolomu omwe a Maphini anasoka okha, ena akubayibitsa. Padoko panafika a Hedi a pasukulupo, njinga ili m'manja, thukuta lili kamukamu.

"Mayi, mwatichotsa manyazi," anatero. "Tsopano thamangani. Envelopu ya mayeso imatsegulidwa eyiti koloko, ndipo wochedwa kwambiri salowa."

A Maphini anapisa m'thumba la epuloni kufuna chopukutira manja, ndipo chomwe chinatuluka ndi kansanza kaja. Zidutswa zinamwazikira pampando. Manja awo sanadikire kuuzidwa. Anayala kansanzako, naikapo thunthu lapakati la kagudumu kakale, nayamba kulumikiza phiko lililonse pomwe linathyokera. Loyamba, lachiwiri, lachitatu. Lachinayi linali zidutswa ziwiri koma zinakwanirana. Lachisanu. Lachisanu ndi chimodzi linali theka lokha.

Anatembenuza thumba la epuloni. Anayang'ana pansi pa mpando. Palibe.

"Alamu, tayang'anani pomwe tinaphwasulira paja. Kachidutswa kakuda, ngati msonga ya chala."

Mlamuyo anapalasa ndi phazi padothi, nabwerera manja ali m'thumba. "Kameneko kanapita kale ndi madzi. Pano nsomba zikukatafuna."

"Munakaona kakutuluka?"

"Aa! Ndine nsomba ine?"

"Mayi," anatero a Hedi mofatsa, "ine za injini sindidziwa, koma ndikuona singano ili malo ake. Akuluakuluwa sakuvomereza?"

A Kaputeni, ali pampando wawo padoko, anali ataona gejiyo, koma kansanza sanakaone. Ndodo inagogoda kamodzi.

Amuna atatu onse anali mbali imodzi, ndi singano yomwe. A Maphini anayang'ana ana aja, nayang'ana kumunsi komwe utsi wa madzi unkakwera pamwamba pa damu. Akachedwa, ana khumi ndi anayi ataya chaka chonse, ndipo mudzi wonse udzati telala anachita mantha ndi kalabala. Akapita... Phini lili mumpendero silibaya diresi ili pa hang'ala. Limabaya mwana akayamba kuthamanga. Injini yolira chiimire padoko imamwa madzi pang'ono. Koma pakati paja, boti litadzaza, ikulimbana ndi madzi othamanga, idzafuna kumwa kwambiri, ndipo ngati kachidutswako kali pakhosi pake, idzatsamwira pomwepo. Dzulo anali okha, ndipo chingwe chinafika. Pakati pa mtsinje palibe chingwe chofika.

Anapotoza kiyi. Injini inazima, mkokomo wa damu n'kutsala wokha.

"Mayi!" anafuula a Hedi.

"Alamu, mwapenga? Chinthu chikulira bwinobwino!"

A Maphini anakwera padoko ndi kansanza kaja m'manja awiri, nakayala pamiyendo pa mwamuna wawo. "Abambo, taonani. Asanu ndi theka."

A Kaputeni anayang'ana nthawi yaitali. Ndodo inamenya matabwa kawiri, mwamphamvu moti inawapulumuka.

"Ndiyambire pati?" anafunsa a Maphini.

Dzanja lamanzere linaloza payipi yakuda yochokera kumbuyo kwa boti kupita kuinjini. A Maphini anatsikiramo, namasula chomangira chake, naizula. Madzi ofunda anawathira kumapazi. Analowetsa chala, nasuzumira, naigwedeza. Munalibe kanthu.

"Seveni twente," anatero a Hedi, osauza munthu aliyense.

Tsidya lija ana anali atasiya kubayibitsa. Injini anaimva ikuzima.

Bwanji ngati mlamu akunena zoona? Bwanji ngati akufunafuna chinthu chomwe kulibe? Sipanala inawaterera m'manja kawiri. Anabwezera payipiyo, nayang'ana kwa mwamuna wawo. A Kaputeni ankaloza pansi, pansi ndithu, kwinaku akubuula mawu osamveka. Pansi pa injini panali kachitsulo kooneka ngati chitini chachitali, momwe madzi amadutsa m'timabowo ting'onoting'ono. Kuti akafike anayenera kugona chafufumimba, mutu kunsi, tsaya litagunda thabwa la pansi pa boti. Pamenepo ndi pomwe anamva mtsinje weniweni. Unkanyambita thabwalo kunsi kwa khutu lawo, ndipo mkokomo wa damu unkamveka m'mano. Pakati pa iwo ndi madzi omwe anawafulatira moyo wawo wonse panali thabwa limodzi lokha.

Anatseka maso, namasula mopapasa payipi yolowa m'kachitsuloko. Chala chinalowa, chinakhudza chitsulo, chitsulo, kenaka chinthu chofewa. Atachikankha chinathawira m'kati.

"Alamu!" anaitana ali pansi pomwepo. "M'dilowa ya makina, kumanzere. Singano ya koloshi!"

"Ya chiyani? Tiyambe kuluka tsopano?"

"Thamangani, inu!"

Ulendo uno anathamangadi. A Maphini analowetsa kambedza ka singanoyo pang'onopang'ono monga potola ulusi wothawa. Kanakola, n'kupulumuka. Anapuma. Kanakolanso. Anakoka osapuma mpweya, mpaka kanthu kakuda koterera kanagwera m'chikhatho mwawo.

Sanakhulupirire msanga. Anadzuka, nakaika pakansanza paja pambali pa theka lija. Zinakumana ngati nsalu yodulidwa ndi sizasi imodzi.

"Asanu ndi limodzi," anatero.

Mlamu uja anavula chipewa n'kukanda m'mutu. "Nsomba zake ndi zimenezi," anang'ung'udza. A Hedi anayang'ana kalabalako, nayang'ana kudamu, ndipo za nthawi sanatchulenso.

Anamanga payipi, nakoka chomangira kawiri kuti atsimikize. Ananyamuka kutatsala mphindi makumi awiri kuti ikwane eyiti. Popita boti linali lopepuka, ndipo singano sinasunthe. Ana analowa mwakachetechete, aliyense atagwira pensulo ndi rula m'kapepala ka pulasitiki, ndipo a Maphini anawamanga majekete mmodzimmodzi, akuwerenga mokweza mpaka khumi ndi anayi.

Pobwerera boti linamira m'chiuno ndi kulemera. Atafika pakati, pomwe madzi amakoka ngati ng'ombe, anakankha giya ya moto. Injini inabangula. Singano inagwedezeka n'kuyamba kukwera. Inafika pakapenti kaja. Inapitirira pang'ono, ngati makulidwe a ulusi. Kodi payipi ija anaimangadi? Kodi panalibe kachidutswa kena kochepa komwe maso sanakaone? Kumanzere kwawo utsi wa damu unkaoneka pafupi kuposa masiku onse. Anayamba kuwerenga mumtima, osadziwa chomwe akuwerenga.

Singano inaima. Kenaka inabwerera pakapenti, n'kukhala pomwepo.

"Amayi, mukulira?" anafunsa mtsikana wina yemwe anakhala pafupi nawo.

"Ndi mphepo, mwanawe. Gwira bwino pensuloyo ingagwere m'madzi. Wadya kanthu?"

Boti litagunda doko, a Hedi anatsogola panjinga, ana akuthamanga pambuyo, majekete atawasiya mbwee pamatabwa. Analowa m'chipinda cha mayeso patapita mphindi zisanu ndi ziwiri eyiti itakwana, ndipo onse analoledwa kulemba. A Maphini anatola majekete aja mmodzimmodzi, kenaka anakakhala pansi pafupi ndi mpando wa mwamuna wawo. Dzanja lamanzere lija linatsika n'kukhala pamutu pawo.

Makaniko atabwera Lachisanu anazungulira boti, namvetsera injini, nafunsa kuti anakonza ndani. Mlamu uja analoza kumakina osokera, komwe a Maphini anakhala akusoka.

Madzi sanasiye kuwaopa. Mpaka tsiku lomwe anatula chiwongolero, ankakwera boti milomo ikuyenda, ndipo kudamu sankayang'anako kawiri. Koma chaka chilichonse, mvula isanayambe, ankakweza boti pangolo n'kusintha kagudumu kaja kasanathe, ndipo kakale ankakapachika pamsomali m'shedi atawerenga mapiko ake. Pamsomalipo pali tigudumu khumi ndi kamodzi tathunthu, ndi kamodzi kosokerera pakansanza.

A Maphini anawolotsa ana a sukulu kwa zaka khumi ndi ziwiri, ndipo injini yawo sinazimeko pakati pa mtsinje mwana ali m'boti.