Khadi la kusikelo la amalume

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, ndimamva fungo la guluu womatira machubu a njinga losakanikirana ndi utsi wa fodya wopichira papepala, pansi pa mtengo wa mango pamsika wa Mkanda, pomwe ankaswera tsiku lonse akumiza chubu m'beseni la madzi kusaka pomwe chabooka. Pakhomo tinalipo awiri basi. Agogo aakazi anali atamwalira, mayi anga ali kuesiteti ya fodya. Wailesi yomanga ndi mphira inkalendewera panthambi, ndipo ikakwana nthawi ya zamasewero, mwini njinga ankadikira, afune asafune.

Agogo ankatchera khutu dzina limodzi lokha, la amalume a Dalitso, mwana wawo wotsiriza. Agogo aakazi anali a kutsidya, cha ku Chipata, ndipo monga ankachitira amayi ambiri, anapita kukachirira kwa amayi awo. Motero amalume anabadwira ku Zambia, n'kubwera kuno ali ndi masabata awiri. Mpira anauphunzirira pabwalo lathu lafumbi, opanda nsapato. Koma akuluakulu a mpira a kuno anagona tulo. A kutsidya ndiwo anawaona, nawaitana m'timu ya dziko lawo.

Poyamba agogo sanatekeseke. "Apite akaphunzire, kwawo akukudziwa," ankatero. M'chitini cha masipoko ankasungamo khadi la kusikelo la amalume, lolembedwa pachipatala cha kwathu kuno, ndipo ankakhulupirira kuti pepala limenelo lidzabweza mwana wawo tsiku lililonse lomwe iwo angafune.

Tsiku lina anandikweza pakaliyala mpaka ku Boma, kwa mphunzitsi wina wodziwa za mpira. Anamupatsa khadilo ndi manja awiri.

"Pepani agogo," anatero mphunzitsiyo. "Mwezi watha mwana wanu analowa m'bwalo pa masewero a mpikisano. Ngakhale zinali mphindi zisanu zokha, lamulo likuti basi, ndi wawo. Kuno sangasewererenso."

"Mphindi zisanu?" anafunsa agogo. "Ine ndamulera zaka makumi awiri."

Pobwerera ndinkangomva kulira kwa tcheni mpaka tinafika kunyumba.

Patapita nthawi, Malawi inakumana ndi Zambia. Amuna a pamsika, omwe kale ankaunjikana pawailesi ya agogo, masana amenewo anasamukira kugolosale. Wina podutsa anaponya mawu: "Lero muchemerera ati, a Zambia inu?" Agogo anangoweramira beseni lawo. Tinatsala awiriwiri pansi pa mango.

Chakumapeto, woulutsa mawu anakuwa kuti Dalitso wagoletsa. Kugolosale kunangoti zii. Agogo anadzambatuka, manja m'mwamba, kukamwa yasa, koma mawu sanatuluke. Anayang'ana kugolosale kuja, natsitsa manja pang'onopang'ono, n'kukhala pansi. Kenako anatola chubu chomwe anali atamata kale n'kuchimizanso m'madzi. Ndinali mwana, koma ndinawamvera chisoni kwambiri, chifukwa ndinaona kuti analibe munthu wosangalala naye, ndipo analibenso wolira naye.

Agogo anamwalira amalume asanasiye mpira, ndipo sanawaonepo akusewera atavala yunifomu ya dziko lililonse. Khadi lija lili ndi ine, m'chitini chomwe chija. Malawi ndi Zambia akamakumana ndimamvera ndekha, chitseko chili chitsekere, ndipo mbali iliyonse ikagoletsa ndimafuula mpaka mawu kusasa. Ndi mfuu ija imene agogo anaimeza pansi pa mango.