Ulusi Wofiira Kumacheka

Linali Lachinayi la sabata yomaliza ya tchuthi, ndili ndi zaka khumi ndi zisanu. Kabuku kanga kamene ndinkalembamo za tsiku ndi tsiku kakuti ndinkapititsa mankhwala a msana kwa bambo, kufakitale yocheka matabwa a paini kufupi ndi Champhira. Kunyumba tinali ndi nkhawa. Akapitawo ankati bambo amachedwetsa ntchito, ndipo zinamveka kuti kwabwera mlendo wodzaona oyenera kuchotsedwa.

Mlendoyo ndinamupeza atagwada pa utuchi, mayi wamfupi wa chipewa cholimba chachikasu, mpukutu wa ulusi wofiira uli m'manja. Paliponse pamene bambo aima ndi thabwa, iye ankakhoma msomali pansi n'kukulungapo ulusi: pamacheka, poyezera, kubwerera kukatenga choko, kuzungulira mulu wa zipika, mpaka poyanika.

"Amama, mukutilukira juzi?" anafunsa a Jere, anzawo a bambo.

"Mwina, a Jere. Muyese kaye kuleza mtima."

Ine ndinangoima pakhomo mwamanyazi monga mwa nthawi zonse. Dzuwa lili paliwombo, mayiyo anamasula ulusi wonse, napatsa akapitawo nsonga yake kuti aukoke cha kumsewu. Anakoka, anakoka, mpaka anaoneka kamunthu kakang'ono uko.

Akapitawo atabwerako ali wefuwefu, mayiyo anati, "Mtunda umenewo ndi wa matabwa khumi okha. Bambowa sachedwa. Tebulo loyezera ndilo lili polakwika."

Anasuntha tebulo, choko anachimangirira pachingwe, zipika anazikankhira kumbali. Matabwa anayamba kutuluka motsatizana.

"Mbwenu basi?" anatero a Jere. "Zaka zonsezi timangopita ku Euthini wapansi tili m'shedi momwe muno!"

Akapitawo sanatchulenso zochotsa munthu. Bambo anavula chipewa. "Yewo chomene, mayi."

Sindidziwa kumene ndinatenga mphamvu. Ndinasendera kwa mayiyo n'kufunsa chapansipansi kuti ntchito imeneyi dzina lake n'chiyani.

"Uinjiniya wa m'mafakitale, mwanawe. Ena amakonza makina, ife timakonza kayendedwe ka ntchito. Ku koleji amafuna Masamu ndi Fizikisi. Ukamaliza, opanga shuga, simenti, tiyi, onsewo ali ndi matebulo oikidwa polakwika." Anadula kachidutswa ka ulusi n'kundipatsa.

Sindinamuuze kuti Fizikisi ndinali nditaisiya teremu yapitayo, poopa kuitanidwa kubolodi pamaso pa anyamata.

Lero ndili chaka chachitatu cha maphunziro omwewo, ndipo ndikudziwa kuti usanaloze munthu chala, uziyamba wayeza njira imene wamuyendetsa. Kaulusi kaja kadakali patsamba la Lachinayi lija, kofufumitsa pepala pang'ono. Pansi pake ndinalemba kuti: "Mawa ndikagogoda kunyumba kwa aphunzitsi a Fizikisi. Ndikawapempha andilembenso. Ndikalankhula mokweza kuti amve."