Bambo Grain Chavula, Telala Amene Ankapempherera Mankhwala a Impso

Pa 14 Okutobala chaka chino cha 1997, mpingo wathu kuno ku Kawale unaika m'manda Bambo Grain Chavula, omwe tapembedza nawo zaka makumi awiri ndi ziwiri. Sanakhalepo mkulu wa mpingo, sanalalikirepo pa guwa. Abusa andipempha ine, mlembi wa bwalo la akulu a mpingo, kuti ndilembe za moyo wawo m'kalata yathu ya mwezi uno.

Anabadwa mu 1930 kufupi ndi Embangweni, m'boma la Mzimba. Ali ndi zaka zinayi, bambo awo anapita kukagwira ntchito ku migodi ya ku Joni ndipo sanabwererenso. Mayi awo analera okha ana awiri, iwowo ndi mlongo wawo wamkulu, Eneless. Sukulu anailekezera Sitandade 4, nayamba kuphunzira kusoka kwa telala wina wa pa mishoni. Anabatizidwa mu 1947, ndipo mu 1955 anakwatira NyaJere, yemwe anabereka naye ana atatu.

Likulu la dziko litasamukira kuno mu 1975, anabwera ndi makina awo osokera nakhazikika pa khonde la golosale ina pafupi ndi msika. Pa khondepo panali kale telala wina, Che Mwamadi, Msilamu wa ku Mangochi. Anthu ankaganiza kuti awiriwa azilimbirana makasitomala, koma sizinatero. Lachisanu masana Che Mwamadi akapita ku mzikiti, Bambo Chavula ankalandira nsalu za mnzawoyo n'kumulembera miyezo bwinobwino.

NyaJere anamwalira mu 1979. Patatha zaka zisanu Bambo Chavula anakwatira Mayi Dinah, mayi wamasiye wa ku Rumphi, amene ankapikula nyemba ku Mitundu n'kumagulitsa mu msika. Mayi Dinah anali wamng'ono kwa amuna awo ndi zaka makumi awiri, ndipo achibale a ku Embangweni sanawalandire ndi manja awiri.

Tonse tikudziwa mmene maliro anachulukira kuyambira cha m'ma 1990. Sabata imodzi tinkapita ku manda katatu. Bambo Chavula akamva kuti kwa auje kwagwa zovuta, ankasiya ntchito ya eni ake, n'kutenga nsalu yoyera ndi timisomali kukayala m'kati mwa bokosi. Sankafunsa kuti malemuwo anali a mpingo uti kapena anadwala chiyani. Ankangoti, "Munthu asapite kwa Mulungu wake atagona pa matabwa ngati katundu."

Matenda awo anayamba mu 1993. Poyamba nsapato zinaleka kulowa. Kenako nkhope inkatupa m'mawa mpaka maso kutsekeka, ndipo mkodzo unkachita thovu ngati sopo. Ku chipatala, dokotala wina, a Peterson Kaliwo, anawauza kuti impso zawo zili ngati sefa yong'ambika, ikutaya zofunika m'thupi. Anawaletsa mchere, nawapatsa timapiritsi toyera, khumi ndi tiwiri m'mawa uliwonse.

Kutupa kunaphwa, ndipo tinathokoza Mulungu. Koma mankhwala omwewo anayamba kuwononga kwina. Anabweretsa matenda a shuga. Msana unayamba kupindika chifukwa mafupa anafooka. M'kamwa munatuluka zilonda, m'maso munamera ng'ala. Dokotala akachepetsa mapiritsi, miyendo inkatupanso. Akawonjezera, maso ankapitirira kuchita chifunga. Telala amene ankalowetsa ulusi m'singano osayang'ana anayamba kupapasa. Che Mwamadi ankafika msanga pa khonde n'kuwalowetsera ulusi.

Mayi Dinah andifotokozera zimene amuna awo anafunsa ku chipatala tsiku lina.

"Adokotala, chodwala ndi impso. Nanga maso anga alakwanji? Kodi palibe mankhwala oti akalowa m'kamwa alunjike ku impso kokha?"

A Kaliwo anavula magalasi awo. "Abambo, mankhwala akalowa m'magazi amafika paliponse pamene magazi akufika. Sasankha. Ndinawerengapo kuti kunja akatswiri ena akuyesa kumangirira mankhwala ku kanthu kamene impso zokha zimakoka, kuti akagwire ntchito komweko, thupi lonse likhale pa mtendere. Koma akadali kufufuza. Ngakhale kwawo komweko, odwala sanayambe kulandira."

"Ine ndidzawaona?"

"Sindikufuna kukunamizani, abambo. Ayi."

Bambo Chavula anati, "Basi, odzadwala pambuyo pangawo asadzavutike ngati ine."

Kuyambira sabata imeneyo, pa mapemphero a Lachitatu a m'dera lathu, ikafika nthawi yawo ankapempherera anthu amene sanawaonepo: "Atate, apatseni nzeru aja akufunafuna njira yofikitsira mankhwala ku impso. Asatope." Ena ankamwetulira chamseri. Iwo sanaleke.

Yesero lalikulu linadza mu 1995, ndipo silinachokere m'thupi. Mlongo wawo, Mayi Eneless, anatsika basi kuchokera ku Mzimba, nawapeza atatupa mpaka m'mimba. Sanafune kumva za impso. Anati umenewu ndi mdulo, matenda amene makolo ankati amagwira mwamuna ngati mkazi wake akuyenda ndi amuna ena kwinaku akumuthirira mchere m'ndiwo. Anakalipa pabwalo, anthu oyandikana nawo akumva: "Mkazi wa maulendo a ku Mitundu ameneyu wandiphera mlongo wanga!"

Nkhani inayenda msika wonse. Amayi ena analeka kugula nyemba kwa Mayi Dinah. Mayi Eneless anakadandaula ku bwalo la akulu a mpingo, ndipo bwalo linagamula kuti Mayi Dinah ayambe aima pa Mgonero wa Ambuye mpaka nkhaniyo ifufuzidwe. Umboni panalibe.

Bwalo litakumananso, Bambo Chavula anabwera osaitanidwa. Sankathanso kuyenda mtunda, choncho Che Mwamadi anawakankha pa njinga mpaka pa chipata, nadikira panja. Bambo Chavula analowa akugwira khoma, naika kabuku ka ku chipatala pa tebulo.

"Akuluakulu, werengani umo, maso anga saonanso. Mukapeza dzina la Dinah pa zimene zikundidwalitsa, mundiuze. Mukunena za mchere? Mayi ameneyu wadya ndiwo zopanda mchere zaka ziwiri kuti ine ndisamadye ndekha zozizira. Ndi amene amandisambitsa, ndi amene amatsuka zilonda zangazi. Ngati iye sali woyenera mkate ndi chikho cha Ambuye, ine ndiye kaya."

Bwalo linati liganizira.

Linaganizira miyezi isanu. Pa Mgonero wa Pasaka chaka chimenecho, oimitsidwa atauzidwa kuti akhale kumbuyo, Bambo Chavula ananyamuka pa malo awo, nakakhala pambali pa akazi awo. Dikoni atawabweretsera mbale, anapukusa mutu mwaulemu. Sanatuluke mu mpingo, sanatukwane munthu, chopereka chawo sichinaleke. Pomaliza Mayi Dinah anabwezeredwa ndi chilengezo cha mizere iwiri, pakati pa zolengeza za kwaya ndi za kusesa m'tchalitchi.

Chaka chatha makina awo anawapereka kwa Che Mwamadi, chifukwa miyendo sinkathanso kupalasa. Mu Seputembala chaka chino mkodzo unayamba kuchepa, chakudya chinkabwerera. A Kaliwo anawauza poyera kuti impso zatopa, ndipo makina osefa magazi anthu ngati ife timangowamva. Bambo Chavula anapempha kuti abwerere kunyumba. Anauza mwana wawo wamkulu, Laws, kuti alembere Mayi Eneless kuti alibe nawo mangawa, koma nyumba ya ku Kawale ndi ya Dinah, wina asadzamuvutitse.

Lamulungu masana, pa 12 Okutobala, amayi a Chigwirizano anapita kukawaimbira. Bambo Chavula anapempha nyimbo ya m'Chitumbuka ya ubwana wawo, ndipo milomo yawo inkatsatira mawu. Nyimbo itatha anati, "Dinah, ndatopa, koma sindikuopa." Anagona cham'mbali, dzanja lawo lili m'manja mwa akazi awo, ndipo cha m'ma 3 koloko anapuma komaliza.

Atisiyira chitsanzo cha munthu amene ululu wake sanausandutse mlandu wa wina. Kwa ine chitsanzochi ndi cholemera, pakuti kalata yoimitsa Mayi Dinah pa Mgonero inalembedwa ndi dzanja lomwe lalemba mbiriyi. Ndinkadziwa kuti umboni palibe, koma ndinaopa kutsutsa akuluakulu anzanga. Bambo Chavula anandipatsa moni Lamulungu lililonse mpaka pamene analeka kuyenda, ndipo ine sindinawapepese ali moyo.

Mayi Chavula, inu mukadali pakati pathu. Tinakulakwirani. Pepani.