Munda womwe amayi sanawotche

Ndikukumbukira chaka chimene abambo anagula adubu koyamba, feteleza amene anthu kwathu ku Domwe anali atangoyamba kumutama. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Mbatata yathu ya kachewere inali itamera bwino, ndipo abambo, posafuna kuumira, ankathira dzanja lodzaza patsinde penipeni pa mbewu iliyonse. Mvula inali itadula, nthaka ili gwaa. Amayi ankatsatira pambuyo akukwirira.

Posakhalitsa munda wonse unafota, masamba nkufiirira m'mbali ngati awauka ndi moto.

Azakhali, mlongo wawo wa abambo, anabwera kudzaona. Za adubu sanafunse, anangofunsa amene analowa m'mundamo. Kwathu amati munthu amene wagona ndi wina kunja kwa banja ndi wotentha, ndipo chimene wakhudza chimapsa.

"Mundawu wapsa, achimwene," anatero. "Koma moto wake uli m'nyumba mwanu momwemo."

Amayi anali pachitengwa, opanda wowalankhulira. Analumbira, analira. Koma abambo anawaletsa kuthira mchere m'ndiwo kuti angatidule, ndipo ntchitoyo inakhala yanga. Mpaka lero ndimanyansidwa ndikakumbukira kadzanja kanga pamwamba pa mphika, amayi atayang'ana kumbali. Kenako anawabweza kwawo ku Lifidzi, ine nkutsala, poti ana ndi a bambo.

Patapita zaka, kusekondale ku Ulongwe, apulofesoro athu, aphunzitsi a sayansi, anadula mbatata tizidutswa, tina nkuviika m'madzi wamba, tina m'madzi amchere. Ta m'madzi wamba tinalimba, koma ta mumchere tinalefuka ngati nsanza. Anafotokoza kuti mbatata inapangidwa ndi timaselula, tizipinda tosaoneka ndi maso, ndipo kakhungu ka kalikonse kamalola madzi kudutsa koma kamatchinga mchere. Madziwo amathamangira mbali imene mchere wachuluka. Ati dzina lake osimoze.

"Adubu nayenso ndi mchere," anawonjezera. "Mukamuunjika pamizu nthaka ili youma, amakoka madzi a mbewu, inu nkumati yapsa."

Anzanga ankaseweretsa tizidutswa tolefukato akuseka. Ine mtima unandiwawa moti sindinalembe kanthu.

Patchuthi ndinawafotokozera abambo zonse, mwaulemu, nditakhala pansi. Anamvetsera akusema mpini, osandiyang'ana.

"Zinapita zimenezo, mwanawe," anatero.

Kwa iwo zinalidi zitapita, poti anali atakwatira kale mkazi wina. Amayi nawo anali atamwalira ku Lifidzi, dzina lonyansa loti wotentha likadali pa iwo.

Lero ndikudziwa kuti mbatata ija sinapse. Inafa ndi ludzu, ndipo dzanja limene linaipha silinali la amayi. Ndikudziwanso kuti chinthu chikavuta kumvetsa, anthu safufuza chifukwa, amafufuza munthu wopanda abale pafupi. Sindinawakhululukire, ndipo sindibisa. Munda uja ndimalima ndine tsopano, umabereka bwino, koma ana odutsa panjira amautchulabe kuti kwa Wotentha.