Kafupa ka m'khutu langa lamanzere

Ndikamva amisiri akukhoma zidebe kufupi ndi msika wa Tsoka, ndimakumbukira chisanu cha chaka chimene ndinali Sitandade 4, ndipo mtima umandiwawa. Ndinali nditachoka kumudzi kudzakhala ndi azakhali anga ku Area 15 kuti ndiphunzire sukulu ya m'tauni. Nyumba yawo inkanunkhira polishi wofiira wapansi, ndipo lamulo lake linali limodzi: akaitana, uyankhe "Wawa" pompo, ufike n'kugwada.

Mwezi wa Juni chimfine chinanditseka makutu. M'mawa wina ndikusesa masamba a mapeyala kuseri, azakhali anaitana katatu, ine osamva. Ndinangoona chitenje chafika, kenako mbama kukhutu lamanzere, phaa! M'mutu munalira ngati mwalowa njuchi.

"Mwano umenewu kwanu komweko! Ukachitanso ndikukweza basi," anatero.

Khutu linatuluka timagazi. Iwo anatenthetsa mafuta ophikira pasupuni, n'kundithira, n'kutsekapo thonje, nkhani yathera pomwepo. Galimoto inali pakhomo, chipatala pafupi, koma aa, ataye nthawi ndi mwana wa mlongo wawo wakumudzi? Ine ndinkaopa basi ija kuposa ululu, choncho sindinauze munthu kuti mbali imeneyo kwangoti zii. Ndinaphunzira kusesa khutu lamanja litaloza kukhomo, kuyang'ana milomo ya aphunzitsi, kuyankha "Wawa" ngakhale chitseko chikangolira. Alendo ankandiyamikira kuti ndine mwana waulemu. Ulemu wa chiyani! Anali mantha okhaokha.

Kwa dokotala wa makutu ndinapita ndili kale pantchito ku City Centre, anzanga atatopa n'kundibwerezera mawu. Dokotalayo anajambula tifupa titatu ta m'khutu papepala, n'kuloza kapakati.

"Aka timakatcha inkasi. Kanu kanagweduka kalekale. Munagwapo muli mwana?"

Ine ndinangofunsa tanthauzo la dzinalo. Anati ndi chitsulo chimene osula amatsamiritsapo zinthu pomenya ndi nyundo, poti kafupako kamaoneka choncho.

Ndinatuluka nditadzazidwa ndi ukali. Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti khutu linatsekeka chifukwa cha mwano wanga, mpaka ndinkapempha Mulungu kuti andikhululukire. Lero ndikudziwa kuti kanali kafupa kochepa ngati njere ya mpunga, ndipo sikanali chitsulo ayi. Azakhali anakalamba tsopano, mawu awo satulukanso bwino. Ndikapita kukawaona, ndimawakhazika kumanzere kwanga.