Galayinda Imene Inkadzuka Yokha

Sendererani kuno, makamaka inu amene amuna anu amagwira ntchito ndi zida zamagetsi. Khalani pafupi, mawu anga safika patali masiku ano, ndipo nkhani iyi ndatopa nayo kuibwereza.

Mwana wanga womaliza anakwatiwa ndi mmisiri wowotcherera zitsulo. Anabwera chikamwini, tinawapatsa malo kumunsi kwa nyumba yanga, kuno ku Kasinje, m'mbali mwa msewu momwe mudadutsa mawaya. Munthu wa manja abwino, zimenezo sindingakane. Mawindo, ngolo za ng'ombe, makasu othyoka a anthu olima mpunga, zonse zinkathera m'chisakasa chawo. Mwa zida zawo munali galayinda, kamakina konyamula m'manja kokhala ndi chimbale chozungulira kumutu, kamene kamadula chitsulo ngati nzimbe.

Magetsi athuwa mukuwadziwa. Amachoka osatsanzika, amabwera opanda odi. Akathima, akamwini ankangoika galayinda ija pathebulo swichi ili chiyatsire, n'kuwoloka msewu kukasewera bawo pansi pa mtengo wa mango. Sikunali kuiwala ayi, ankachita dala. Magetsi akabwera, chinthucho chinkalira chokha, iwo n'kumva ali kubawo n'kuthamangira kuntchito. Limenelo ndiye linali belu lawo.

Tsiku lina ndikupeta mpunga pakhonde ndinachiona ndi maso angawa. Chinangoti gwee! n'kuyamba kuvina pathebulo, kudzikoka mpaka chingwe kukungika. Pansi pa thebulo lomwelo ndi pomwe mdzukulu wanga, kamtsikana kamene kanali katangoyamba kuyenda, ankakonda kukatola tizitsulo. Magetsi akathima m'chisakasamo mumangoti zii, mthunzi wabwino. Nanga mwana angadziwe chiyani?

Apa ndiye panagona vuto. Kwathu kuno mpongozi sayang'anizana ndi mkamwini n'kumamuuza zochita. Tikakumana panjira wina amapatuka. Moni timapatsana chapatali, nkhope kumbali, ndipo pamalo pawo pogwirira ntchito ine sindiponda. Mawu anga amayenera kudzera mwa mkazi wawo.

Ndinamuitana mwana wanga. "Iwe, ukawauze bambo a mwanayu kuti magetsi akathima azithimitsa chinthu chija n'kuzula chingwe kukhoma. Chidzadya mwana."

Atabwerako ndinamufunsa mmene wanenera.

"Ndawauza kuti amayi akuti makina akusokosa."

"Akusokosa? Ine ndatchula phokoso?"

"Inunso amayi! Ndikanayamba bwanji? Aziti apongozi ayamba kuphunzitsa mmisiri ntchito yake?"

"Ndiye ayankha zotani?"

"Akuti pepani kwambiri, asuntha thebulo."

Anasunthadi, mwaulemu wonse. Analichotsa kumbali ya nyumba yanga n'kukaliika pafupi ndi khomo, pomwe mwana ankalowera penipeni!

Ndinapita kwa achimwene anga, amene ndi ankhoswe a banjalo. Anandimvetsera bwino, anagwedeza mutu, ananyamula khasu lawo lothyoka ati apezerepo poyambira nkhani. Anakakhala kubawo kuja mpaka dzuwa kupendeka. Pobwera khasu linali lowotchereredwa bwinobwino, iwo akumwetulira.

"Achemwali, mnyamata ujatu ndi wanzeru. Nanga adziwa bwanji kuti magetsi abwera?"

"Ayatse babu."

"Babu limalira, achemwali? Mukalimva muli kubawo?"

"Ndinakutumani mwana, mwabwera ndi khasu," ndinatero ine. Iwo anangoseka.

Basi mtima unandiwawa. Tsiku lina magetsi atathima ndinayang'ana uku ndi uku, ndinalowa m'chisakasa muja, ine nkhalamba, kuzemba ngati wakuba nkhuku, n'kuzula chingwe. Magetsi anabwera masana, anakhala, anapitanso, akamwini ali phee kubawo kudikira belu. Ngolo ya munthu wina imene inkafunika kukatuta mpunga m'mawa mwake sinathe. Ndipo mayi wina wogulitsa mandasi anali atandiona. Unakhala mlandu. Za mwana palibe anazitchula, onse anali pa phazi langa, kuti laponda posayenera. Ndinapepesa ndi nkhuku yanga yoikira, n'kuuzidwa kuti ndisadzayandikirenso.

Kuyambira pamenepo magetsi akangothima ndinkathamangira kukabereka mdzukulu kumbuyo. Koma munthu sungakhale pakhomo masiku onse. Kunagwa maliro kumudzi wa tsidya, ndinapita. Zotsalazi ndinachita kuuzidwa ndi mwana wanga.

Iye ankachapa kuseri kwa nyumba, magetsi atathima kuyambira m'mawa. Anadzidzimuka kuti mwana sakumveka. Anamupeza pansi pa thebulo paja, akusewera ndi chingwe chomwecho. Anawerama kuti amunyamule, ndipo magetsi anasankha nthawi yomweyo. Galayinda inalira, inalumpha pathebulo, inakola chitenje chake n'kumutema pakatumba. Mwana anapulumuka chifukwa amake anali atamufungatira kunsi. Bambo ake anamva belu lawo ali kubawo, anadzuka akusangalala kuti ntchito yayamba.

Uthenga unandipeza kumaliro, ndinathamangira kuchipatala. Ndinapeza amusoka kale, wagona, mwendo uli m'mabandeji. Panja pakhonde panali akamwini, atanjuta, nkhope ataloza kukhoma monga mwa mwambo. Achimwene anali pambali pawo. Ndiye ndinamva akamwini akuuza achimwene motsitsa mawu, koma kuti ine ndimve:

"Amalume, apongozi akanangotiuza momveka kuti akuopera mwana. Ife timayesa ndi phokoso."

Amayi inu! Nkhuku yanga anadya, mwana wanga wagona ndi bala, ndiye ndikanawauza momveka? Ndinazungulira n'kukaima kutsogolo kwawo. Zaka zonsezo ndinali ndisanaonepo kuti ali ndi chipsera pachipumi.

"Bambo, ndiyang'aneni. Magetsi akathima, thimitsani swichi. Mukathimitsa, zulani chingwe. Mukazula, pachikani chinthucho pamwamba. Akabwera, muzichiyatsa ndi dzanja lanu chili m'manja mwanu. Mwamva, kapena ndikutumizireni ankhoswe?"

"Ndamva, amayi."

Achimwene anatsokomola, ati pano ndi pagulu. Ndinawauza kuti akatsokomolere kukhasu kwawo.

Mwana wanga anachira, koma nyengo yozizira mwendo umamuvuta, ndipo m'madzi a mpunga sakhalitsamo ngati kale. Mdzukulu ali kusukulu tsopano, sakumbukira kanthu, amangofunsa amake chimene chinawaluma. Achimwene anamwalira akunenabe kuti ndinawachititsa manyazi pachipatala. Mayi wa mandasi uja anasamukira ku Biriwiri, akaonere anthu ena.

Akamwini alipo, amazula chingwe tsiku lililonse. M'malo mwa galayinda anaika wailesi yakale pasoketi, yotsegula mpaka kumapeto, kuti izimveka kubawo. Amauza anzawo kuti nzeru imeneyi anaipeza okha. Tikakumana panjira timapatukirana monga kale. Ine magetsi akabwera ndimadumpha ndi chiwailesi chimenecho, koma sindingatumenso munthu kukanena kuti chikusokosa. Ndikudziwa mmene mawu amakafikira.