Uthenga wa maliro anga

Ndinali kupalira chimanga kumunsi kwa nyumba pamene galimoto inaima pamsewu. Munatsika amuna anga ndi anzawo atatu a kuntchito, zipewa zili m'manja, wina atanyamula nsalu yoyera. Atandiona, amuna anga anangokhala pansi pamzere.

Ankalondera pachipata cha kumalire ndi Mozambique. Nkhondo ya kumeneko inali itangotha, ndipo mfuti zinkadutsa mobisa. M'mawa wa tsikulo wayilesi yawo yolankhulirana inalira. Munthu wina, akuti ali ku Zomba, anatchula nambala yawo ya ntchito, mudzi wathu, mpaka mpingo wathu wa ku Domasi. Anati ine ndamwalira ndi malungo.

Kwathu kuno palibe amafunsa kawiri uthenga wa maliro, ndipo wofedwa sitimusiya kuyenda yekha. Anzawo anawaperekeza, pachipata n'kutsala munthu mmodzi.

"Achimwene, atipusitsa," anatero wa nsalu uja. "Ozembetsa mfuti ali nayo wayilesi yawo. Amamva zonse timayankhula zija."

Amuna anga anadzuka kuti azibwerera. Ndinataya khasu, n'kuwagwira mwendo wa buluku.

"Bambo, musapite. Odziwa mpingo wanga akudziwanso msewu umene mudzere."

"Iwe wamwalira m'mawa, ukulamulanso amoyo?" Anayesa kuseka. "Mnzathu tamusiya yekha chifukwa cha ine."

"Nanga ana awa muwasiya ndi ndani? Gonani lero lokha."

Anandichotsa zala chimodzichimodzi. Ndinathamangira galimoto ija mpaka pa Songani, opanda nsapato, anthu a pamsika akundiyang'ana.

Mawa lake kunabwera mkulu wa mpingo. Anati foni yalira ku mishoni, anthu a mfuti anawadikirira panjira, amuna anga atisiya. Ndinakana.

"Ndi omwe aja, abambo. Dzulo anapha ine, lero apha iwo. Mawu opanda nkhope musandibweretsere."

Amayi a mvano anafika kudzatulutsa katundu m'nyumba kuti anthu apeze pokhala. Ndinakhoma chitseko, kiyi n'kumanga pansonga ya chitenje. Ndinauza ana kuti asalire. Kenako ndinatenga khasu n'kupita pamzere womwe uja, kuti galimoto ikaima andipeze ndikupalira ngati dzulo.

Ndinapalira pamalo opalira kale mpaka dzuwa kupendeka. Galimoto inaima. Munatsika anzawo awiri, zipewa zili m'manja. Nsalu yoyera ija inali kumbuyo, atayiyala kale pamwamba pa thupi.